Jenereta ya alendo pa Dwangwa

Amene anakhalapo pa Dwangwa mwezi wa Okutobala akudziwa kuti ikamakwana 10 koloko m'mawa dzuwa limakhala litaswa kale mtengo. Mbuzi zimabisala kunsi kwa mabenchi a tomato, ndipo kamphepo kakachokera kufakitale ya shuga kamabwera ndi fungo la nzimbe zophikidwa. Ine ndimaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina yoyendera, chakumtunda kwa msewu wa M5, ndipo pakutha pa mwezi ndimatsikira pamenepa kukatapa kamalipiro ndi kugula usipa wa ana.

Loweruka limenelo ndinapeza chigulu cha anthu pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi pokonzera njinga zamoto. Pakati pawo panali galimoto ya nambala ya ku South Africa, ija imakhala ngati nyumba: bedi, kasitovu, sinki ndi kafiriji, zonse m'kati. Eni ake anali abambo ndi amayi achikulire. Anadzera ku Tete, ndipo amafuna kukatulukira pa Songwe kupita ku Tanzania. Ndikanangodutsa, koma kunsi kwa galimotoyo kunatuluka mutu wodzaza girizi n'kukuwa kuti, "Aphunzitsi, mwabwera bwino! Tandimasulireniko Chingerezi cha madalawa, chikundidutsa."

Anali mnyamata amene ndinamuphunzitsapo. Anasiyira Fomu 3 chifukwa cha fizi, ndipo ndikukumbuka kuti mayeso ake omaliza a fizikisi ndinamupatsa 23. Lero ndiye makaniko wodalirika wa akabaza ndi a zigayo m'dera lonselo.

Vuto linali pa jenereta yaing'ono yomangidwa m'kabokosi kachitsulo kumbuyo kwa galimotoyo, imene imamwa petulo wa m'thanki ya galimoto yomweyo. M'mawa imalira bwinobwino, koma pakatha mphindi 20 imayamba kutsokomola, kenako zii, ndipo siimadzukanso mpaka itazizira. Izi zinayambira ku Tete. Ku Salima wina anatsuka pulagi ndi carburettor, analandira ndalama, koma matenda anatsala. Amayiwo anatsegula kafiriji n'kundionetsa timabotolo ta insulini, jakisoni wa shuga wa amuna awo, wokwanira ulendo wonse. Mankhwalawa amafuna pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo batire ya m'nyumbamo inali yotopa moti injini ikazima siimafika nayo firiji m'bandakucha popanda jenereta.

Mnyamata uja analiza jenereta n'kudikira kuti ife. Itafa, anakhudza kapampu ka petulo kamene kanali m'kabokosimo, pafupi ndi paipi yotulutsa utsi, ndipo anabweza dzanja msanga. Anaviika chiguduli m'madzi, anakulunga kapampuko, ndipo patapita kanthawi jenereta inalira. Kenako analumikiza kapaipi koonekera m'kati kuti tonse tione. M'malo mwa petulo wokhawokha, munkadutsa timathovu totsatizana ngati mikanda.

"Petulo akuwira asanafike," anatero. "Pampuyi yatopa, inde, koma ngakhale mutagula yatsopano, mukaiika pamoto pomwepa idzachitanso zomwezi."

Apa ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa zimenezi n'zimene ndimalemba pabolodi chaka ndi chaka. Petulo ndi msakanizo wa mafuta osiyanasiyana, ndipo ena opepuka amayamba kusanduka nthunzi kutentha kusanafike n'komwe madigiri 40. Kuwonjezera apo, pampu ikamakoka mafuta kuchokera kutali, mphamvu yopanikiza m'paipi imachepa, ndipo chamadzimadzi chilichonse chikapanikizidwa pang'ono chimawira msanga, monga madzi amawira msanga pamwamba pa phiri la Mulanje kusiyana ndi kunyanja kuno. Pampu yopangidwira mafuta ikakumana ndi nthunzi imangogunda pachabe. Mayina a zonsezi ndimawadziwa, koma chiguduli chonyowa chija sindikanachiganiza.

Pampu yotere pa Dwangwa sinapezeke, ndiye panafunika kupita paboma pa Nkhotakota, makilomita oposa 50 kumwera. Nanga mankhwala? Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Wagolosale wina anati tiike m'firiji yake ya nsomba imene inali idakali ndi madzi oundana, koma amayi aja anakana mwaulemu, poti insulini ikaundana yawonongeka. Anatithandiza ndi mayi wogulitsa thobwa. Anabweretsa mtsuko, anauzika mumchenga wonyowa m'beseni, anaika timabotolo tija m'kati titakulungidwa m'pepala la pulasitiki, n'kuvundikira ndi chitenje chonyowa pamthunzi. Atafunsidwa mtengo wake anangoti, "Mlendo ndi mame, amayi."

Ine ndi makaniko tinakwera njinga yake yamoto. Msewu umenewu ndaudutsa kosawerengeka pa minibasi, koma wopanikizana ndi madengu a nsomba saona kanthu. Panjinga ndinaona minda ya nzimbe ikutha, mizere ya chinangwa ikuyamba, makaka atayanikidwa pamathandala kudikira kusanduka kondowole, ndi madambo a mpunga ali mbee kudikira mvula. Pa mlatho wa Bua madzi anali atachepa, ana akusambira m'mbali. Kumadzulo kunkaoneka mapiri a nkhalango ya Nkhotakota, kumene mu 2016 ndi 2017 anabweretsako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Nyanja inkangoonekera apo ndi apo pakati pa mitengo ya mango. Mnzangayo ankayendetsa akukuwa nkhani za mitengo ya matayala, theka lake n'kumapita ndi mphepo.

Paboma alendo amapitirapo kukaona mkuyu umene amati David Livingstone anakumanapo ndi Jumbe mu 1863, masiku amene akapolo ankawolotsedwa nyanja kuchokera padoko limeneli. Ife tinalibe nthawi ya mikuyu. Sitolo yoyamba anatipatsa pampu ya galimoto zamakono, ija imakhala m'kati mwa thanki. Makaniko anaibweza osaiyang'ana kawiri, nati imeneyo imakankha mwamphamvu kwambiri, ingasefukize carburettor mpaka petulo kutayikira pa injini yotentha. Sitolo yachitatu ndi imene inali ndi kapampu kamagetsi ka mavoti 12 kokankha pang'onopang'ono. Tinagulanso kasefa ka mafuta, zomangira paipi, waya, ndi mamita awiri a paipi ya petulo yeniyeni. Wogulitsa anayesa kutinyengerera paipi yamadzi yotchipa, koma petulo amaidya imeneyo.

Titabwerera cha m'ma 3 koloko, panabuka mkangano umene ndinavutika kuumasulira. Abambo aja amafuna pampu yatsopano ilowe pamene panali yakale, poti akatswiri a kufakitale sanaiike pamenepo mwangozi. Komanso ankaopa miyala ndi matope kunsi kwa galimoto, ndipo apa anali ndi mfundo. Mnyamata uja anapukuta manja n'kunena kuti, "Auzeni madalawa kuti akatswiriwo sanafikepo pa Dwangwa mu Okutobala." Ndinamasulira momwemo. Amayi anaseka mpaka kugwira chitseko, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ntchito yeniyeni anaiyamba ndi kuchotsa waya wa batire ndi kuthamangitsa aliyense wosuta fodya. Anasankha malo pa chasisi, pafupi ndi thanki komanso chakumunsi, kutali ndi paipi ya utsi. Anandifotokozera kuti timapampu totere timakankha bwino koma kukoka n'kofooka, choncho tikakhala pafupi ndi thanki mafuta amatipeza mosavuta, ndipo paipi yonse yopita ku jenereta imakhala yopanikizidwa, nthunzi osapeza mpata. Kasefa anakaika patsogolo, pakati pa thanki ndi pampu, ndipo anaonetsetsa kuti kamuvi kojambulidwa pa pampu kaloze ku jenereta. Pakati pa pampu ndi chitsulo anayalapo chidutswa cha chubu chakale kuti isamagwedezeke, ndipo anapala penti pamene anamangirira waya wobwezera magetsi ku chasisi.

Chimene chinandigwira mtima ndi waya winayo. Mnyamata wina wothandizira anati angoukoka kuchokera ku batire, poti n'pafupi. Makaniko anakana. Anatalikitsa waya womwe uja unkadyetsa pampu yakale kuchokera ku jenereta, kuti jenereta ikazima pampu nayo izime. Ikanakhala ya ku batire, paipi itang'ambika usiku, pampu ikanapitiriza kuthira petulo pansi pa anthu ali m'tulo. Pomaliza anapinda kachidutswa ka lata n'kutchinga pampu ku miyala, ndipo abambo aja anagwedeza mutu kuvomera.

Atabwezera batire, pampu inagunda kuti tiki tiki tiki, jenereta inakana kawiri, kachitatu inalira. Tinakhala pansi pa mango paja tikuyang'ana wotchi. Mphindi 20 zinadutsa, anthu ali chete ngati pamaliro. Itakwana ola, makaniko anakwawiranso kunsi ndi tochi ya foni kufufuza ngati pakudontha, anatuluka ali wouma. Amayi anavundukula mtsuko uja, timabotolo tili tozizirira, n'kutibwezera m'firiji. Mnyamatayo anawachenjezanso kuti asadabwe jenereta ikazima thanki ikatsala pang'ono, chifukwa anaona kuti kapaipi kake sikafika pansi pa thanki, dala, kuti galimoto isathere mafuta patchire.

Alendowo anagona pomwepo ndipo ananyamuka m'mamawa kulowera ku Dwambazi ndi Chintheche. Ine galimoto zopita kumtunda kwathu zinali zitatha, ndiye ndinagona kwa makaniko, titadya kondowole ndi usipa umene ndinagulira ana. Pampu yakale ija anandipatsa, ndipo ili m'kabati ya kusukulu limodzi ndi kapaipi koonekera kaja. Ndinamupempha kuti teremu ino abwere adzaonetse a Fomu 3 timathovu tija. Anavomera, koma anati ndimulipirire petulo wa njinga, ndiponso ndisauze ana za 23 uja.