Kalata ya Makolo kwa Mwana Wonyamuka ndi Laputopu ya Windows 10



Mwa katundu yense amene mwana wopita ku sukulu yaukachenjede amanyamula masiku ano, laputopu ndiyo imadya ndalama zochuluka za makolo, komabe ndiyonso imene makolo amaiperekera malangizo ochepa, poganiza kuti nkhani zamakinawa eni ake ndi achinyamata. Laputopu imene yalongedzwa m'chikwama paulendo uno ndi ya kaunjika, ndipo imayendera Windows 10, pulogalamu imene kampani ya Microsoft inaitulutsa pa 29 Julaye 2015 n'kusiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025. Chifukwa cha tsiku lachiwirili, mwini wake adzamva malangizo osiyanasiyana kwa anzake, ena akuti aitaye, ena akuti palibe vuto lililonse, ndipo bambo ndi mayi ake aona kuti n'kofunika kuti adziwe maganizo awo asanamve a kuhositelo.

Windows ili m'gulu la mapulogalamu otchedwa operating system, kutanthauza pulogalamu yaikulu imene imayamba kudzuka kompyuta ikayatsidwa, n'kumalumikiza mabatani, sikirini, malo osungira mafailo ndi mapulogalamu ena onse. Pulogalamu yotere ili ndi mizere ya malamulo miyandamiyanda yolembedwa ndi anthu, choncho simalephera kukhala ndi mipata imene akuba a pa intaneti angalowerepo, ndipo mipatayo imatulukira pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Kusamalira kumene kukunenedwa pano ndi kutumiza zigamba zotseka mipatayo, zimene ambiri amazidziwa kuti ma update, ndipo Microsoft imazitumiza kawirikawiri Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Chisamaliro chikatha kompyuta siizima, mafailo safufutika, ndipo m'mawa mwake zonse zimaoneka monga dzulo. Chimene chaleka ndi zigambazo basi. Zili ngati denga la udzu limene mwini wake waleka kulifolera: siligwa tsiku lomwelo, koma dzinja lililonse limawonjezera podontha. Chimene chimakulitsa vutoli n'chakuti Windows 10 ndi Windows 11, imene inalowa m'malo mwake, zinamangidwa pa maziko amodzi, kotero chigamba chikatuluka cha Windows 11, akuba amachifufuza kuti aone mpata umene chatseka, kenako amakaufuna mpata womwewo mu Windows 10, mmene ukhalabe wotseguka.

Zimene mpata wosatseka ungachite zinaoneka mu Meyi 2017, pamene pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inafalikira m'maiko oposa 150, n'kumatsekera anthu mafailo awo ndi kuwalamula kuti alipire dipo kuti awatsegulire. Ku Britain zipatala zambiri za boma zinalephera kuona odwala monga zinakonzera. Chigamba chotseka mpata umene WannaCry inadzerapo chinali chitatuluka kale mu Marichi chaka chomwecho, ndipo makompyuta ambiri amene anagwidwa anali a Windows 7, imene nthawi imeneyo inali ikusamalidwabe, koma eni ake anali asanaike chigambacho. Kompyuta imene chisamaliro chake chatha imakhala mumkhalidwe womwewo mpaka kalekale, popeza ngakhale mwini wake atafuna kuika chigamba, sichipezeka. Mwana wasukulu angaganize kuti alibe chimene wakuba angasirire, pamene m'laputopu yake muli mapasiwedi a imelo, mwina a kubanki, ndi ntchito ya zaka zinayi imene digiri yake yatsamirapo. Malo amene akupitawonso ndi osiyana ndi kunyumba, chifukwa laputopuyo idzalumikizidwa pa wifi imodzi ndi makompyuta mazanamazana a anthu osawadziwa, ndipo fulashi yake idzalowa m'kompyuta ya posindikizira mapepala imene tsiku lonse imalandira mafulashi a aliyense.

Asanaganize za njira iliyonse, mwana ayenera kukopera mafailo ake onse ofunika kumalo awiri, ena pa fulashi kapena pa hadi disiki yapadera, ena pa intaneti monga pa Google Drive. Njira zonse zimene zikutsatirazi zikhoza kufufuta zinthu ngati china chalakwika, ndipo okonza makompyuta ambiri safunsa kawiri asanafomate.

Chachiwiri ndi kuidziwa laputopuyo bwinobwino, zimene sizitenga nthawi. Munthu akalemba mawu akuti winver pamalo ofufuzira, pamatuluka kabokosi kosonyeza mtundu wa Windows, ndipo kayenera kusonyeza 22H2, umene ndi mtundu womaliza wa Windows 10. Kenako ayang'ane dzina la purosesa, kachipangizo kamene kamachita masamu onse a kompyuta. Pa dzina lotere ngati i5-7200U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndiyo imasonyeza m'badwo, choncho imeneyi ndi ya m'badwo wa 7, pamene i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8. Kusiyana kwa nambala imodziku ndiko kumagamula mlandu, chifukwa Windows 11, imene inatuluka pa 5 Okutobala 2021, imalandira mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula ochepa kwambiri. Imafunanso RAM yosachepera 4 GB, malo osungira osachepera 64 GB, ndi TPM 2.0, kachipangizo kachitetezo kamene kamasunga makiyi achinsinsi a kompyuta. Pulogalamu yaulere ya Microsoft yotchedwa PC Health Check imayeza zonsezi n'kunena chimene chikusoweka, ndipo nthawi zina TPM imakhala ilimo koma yongozimitsidwa, moti munthu wodziwa akhoza kuiyatsa. Laputopu ikakhoza mayesowa nkhani yatha: kusamukira ku Windows 11 n'kwaulere ngati Windows 10 yakeyo ndi yovomerezeka, ndipo chofunika n'kugwiritsa ntchito wifi ya pasukulu, osati bandulo ya foni, ndi kusankha nthawi imene magetsi ali odalirika, popeza batire ya laputopu ya kaunjika sichedwa kutha ndipo kompyuta yozima ntchitoyi ili pakati ikhoza kukana kudzukanso.

Laputopu ikalephera mayeso, Microsoft inatsegula kanjira kena kotchedwa ESU, kutanthauza zigamba zachitetezo zowonjezera, zimene inalengeza kuti kwa anthu wamba zidzafika mpaka pa 13 Okutobala 2026. Mtengo wake ndi madola 30 a ku America, ndalama imene si yophweka kuipeza kumene ndalama zakunja zimasowa, koma munthu angalembetsenso popanda kulipira ngati walowa ndi akaunti ya Microsoft n'kulola kuti makonzedwe a kompyuta yake azisungidwa pa akauntiyo. Makolo akulangiza kuti mwana alembetse, koma azindikire kuti zimenezi zikungomupatsa nthawi yoganizira, ndipo tsikulo likakwana funso lomweli lidzabweranso.

Apa ndi pamene anyamata okonza makompyuta m'tauni adzanene kuti iwo akhoza kuika Windows 11 pa laputopu ina iliyonse, ndipo sakunama, chifukwa njira zolambalala mayeso aja zilipodi. Microsoft yokha inachenjeza kuti kompyuta yoikidwa mwa njira imeneyi ilibe lonjezo lakuti izilandira zigamba, kotero munthu amene akuthawa kusowa kwa zigamba akhoza kupezeka wabwerera pomwe anachokera, koma tsopano osadziwa tsiku lake. Choopsa koposa ndi Windows yobedwa, imene imatsegulidwa ndi timapulogalamu tosadziwika gwero lake, ndipo kuti timeneti tigwire ntchito wokonzayo amayamba wazimitsa chitetezo cha kompyuta. Ena adzanena kuti antivayirasi yabwino ndi yokwanira. Imathandiza ndithu pogwira mafailo oipa amene ikuwadziwa, koma singatseke mpata umene uli mu Windows momwemo.

Njira imene achinyamata ambiri amaiopa popanda kuiyesa ndi Linux, banja la mapulogalamu oyendetsa kompyuta limene maziko ake anayambidwa ndi Linus Torvalds ku Finland mu 1991, ndipo limaperekedwa kwaulere mwalamulo. Mtundu wake wodziwika kwambiri, Ubuntu, unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo Ubuntu 24.04, imene inatuluka mu Epulo 2024, izilandira zigamba mpaka 2029. Linux Mint, imene inamangidwa pa Ubuntu, imaoneka mofanana ndi Windows moti munthu saona chilendo kwenikweni, ndipo imayenda bwino pa makina amene Windows 11 yawakana. Ubwino wake waukulu kwa munthu wokayikira ndi wakuti ikhoza kuyesedwa kuchokera pa fulashi popanda kufufuta kanthu: laputopu imadzukira pa fulashiyo, munthu n'kuona ngati wifi, mawu, kamera ndi purinta zikugwira ntchito, ndipo akazimitsa n'kuchotsa fulashi, Windows 10 imabwerera monga inalili. Kulemba, kuwerenga mabuku a PDF, kufufuza pa intaneti ndi kulowa m'makalasi a pa Zoom zonse zimatheka, ndipo m'malo mwa Word ndi Excel muli LibreOffice. Koma makolo sangabise zovuta zake. Pepala lolembedwa mu LibreOffice nthawi zina limasokonekera maonekedwe likatsegulidwa mu Word, makamaka matebulo ndi manambala a masamba, choncho ntchito yopita kwa mphunzitsi ndi bwino kuitumiza ngati PDF kumene kukuloledwa. Mapulogalamu ena, monga AutoCAD ya ojambula mapulani ndi Photoshop, sanapangidwire Linux konse. N'chifukwa chake yankho la funsoli silili kwa mnzake wa m'chipinda kapena kwa wogulitsa, koma kwa aphunzitsi a dipatimenti yake, amene akudziwa mapulogalamu amene maphunzirowo adzafune kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza. Wophunzira zamalamulo, zauphunzitsi kapena zakompyuta akhoza kumaliza digiri yonse pa Linux, pamene wa zomangamanga mwina sangathe.

Kugula laputopu ina kukhale komaliza, ndipo kuchitike pokhapokha maphunziro akakamiza. Ngati zafika pamenepo, mwana akumbukire kuti makampani a kunja akamasiya makina amene Windows 11 yawakana, ambiri a makinawo amathera m'mashopu a kaunjika ataikidwa kale Windows 11 mwa njira yolambalala ija, ndipo amaoneka okongola ndi otsika mtengo. Chizindikiro cha Windows 11 pa sikirini si umboni. Wogula ayang'ane yekha dzina la purosesa, wogulitsa ali pomwepo, asanatulutse ndalama. Laputopu yakaleyo isatayidwe kudzala, chifukwa ikaikidwa Linux, kapena ikachotsedwa pa intaneti kotheratu, idzathandiza azing'ono ake otsala pakhomo kuphunzira kutaipa, bola mafailo ndi mapasiwedi a mwini wake woyamba afufutidwemo kaye.

Makolo akupempha kuti sabata zoyambirira zisanathe, mwana awatumizire dzina la purosesa monga lalembedwera, zimene PC Health Check yanena, ndi yankho la aphunzitsi pa nkhani ya mapulogalamu. Ngati pafunika laputopu ina, iwo ayenera kudziwa nyengo yogulitsa zokolola isanafike, kuti ndalamayo iikidwe padera fizi ndi feteleza zisanaimalize.

Ndi bambo ndi mayi ako.