Ka lathe ka ku Joni: kugula ni kosavuta, nkhani ni kukafikitsa pa nyumba

Munthu akabwela kuchoka ku Joni, tonse tiziba vamene vili mu chikwama: nsapato, ma perfume, ma wigi, mwina foni yatsopano. Koma mu Lusaka muli anthu ena amene mkati mwa sabata avala tayi mu ma ofesi ya mu Cairo Road, pa Chiwelu avala ovolosi mu garaji ku Woodlands kapena ku Chelstone. Awa akapita kunja, maso yao yakhala pa ka lathe, kamakina kosema nsimbi.

Kwa imwe amene simunakaonepo, lathe igwila nsimbi na mano ya chuck, iizungulitsa mwamsanga, ndiye mpeni wolimba uipala pang'ono pang'ono mpaka ikhale pini ya geti, bush ya wilibala kapena bolt yamene yasowa mu mashopu onse ya mu town. Kang'ono kamene akonda anthu a hobby, kaja akuti 7x14, kakwana pa tebulo. Tambili tupangidwa ku China, koma ku South Africa mungakagwile na manja musanalipile.

Ulendo uyambila pa Intercity, mu Dedan Kimathi Road. Basi ya ku Johannesburg idutsa pa Chirundu na Beitbridge, kapena ipita ku Livingstone, kuoloka mlatho wa Kazungula wamene unatsegulidwa mu 2021, na kulowa mu Botswana. Njila iliyonse, konzekani kugona mu mpando. Mukafika, siyani ma mall. Mashopu ya makina monga Adendorff ndiye kwanu. Zungulitsani ma handle onse, mumve ngati pali pogwedela, muuze wogulitsa akayatse. Chithunzi cha pa foni sichingakuuzeni ivi.

Manje vuto iyamba pa sikelo. Ka lathe aka kalema ma kilo 40 na kupitilila, bokosi osawelengela. Ndege zambili zilola chikwama cha ma kilo 23, ndipo katundu umodzi wopitilila 32 saulandila pa check-in. Ngati mufuna kutsikila pa Kenneth Kaunda International na kamakina kanu, muzafunika kukamasula, chuck payekha, tailstock payekha, kapena kukatumiza pa cargo. Pa basi ni bwinoko, koma ndalama ya katundu mukambilane musanakwele ndipo mutenge lisiti. Kakhale mu bokosi ya mapulanga, na girisi yake ija ya ku fakitale osaipukuta. Msewu ni wautali, dzimbili sichedwa.

Pa boda, lisiti ndiye loya wanu. South Africa ibweza VAT yao ya 15% kwa alendo amene atuluka na katundu, ngati tax invoice ili bwino ndipo katundu wauonetsa. Kuno ba ZRA nao ayembekeza, VAT yathu ni 16%. Osanamizidwa ati pakuti mwagula mu dziko ya SADC ndiye kuti ni mahala. Lamulo ija iyang'ana kumene chinthu chinapangidwa, osati kumene mwachigula. Funsani ba clearing agent musananyamuke, osati pa windo basi ili kulila huta.

Mwafika pa nyumba, manje malaiti. Ife tili pa 230V, chimodzimodzi na South Africa, chabe pulagi yao ni ya mano yobulungila, yathu ya makona. Iyo ni nkhani ya mphindi zisanu. Chenjelani na ya ku America: yambili ni 110V, ndipo ma thread yake yawelengedwa mu ma inchi pamene ma bolt ya motoka zathu za ku Japan yali mu ma milimita. Kumbukilaninso 2024, pamene madzi yanachepa ku Kariba ndipo madela ena yanakhala maola 21 opanda malaiti. Tumakina utu tuli na ka board koyendetsa liwilo, kamene sikakonda malaiti yobwela mwadzidzidzi. Surge protector ni yochipa kupambana board yatsopano.

Malo nayo ni nkhani. Ku Kabulonga kuli yadi na garaji, palibe wokufunsani. Ku ma flat ya ku Kabwata, ba neba a pansi azaziba tsiku lomwelo kuti mwagula chinthu. Tebulo ikhale yolimba, yosagwedela, ndipo tuzidutswa twa nsimbi tuthwa ngati leza, osalola mwana kuyenda popanda nsapato pafupi.

Chinanso chamene ambili aiwala: lathe yopanda mipeni ni chokongoletsa chabe. Mukali mu shopu, tengelanitu ma tool bit, drill chuck, vernier, lamba wa spare na ma giya ya pulasitiki, chifukwa yaja ndiye yayamba kuthyoka. Nsimbi yosema osavutika nayo, ku Soweto na mu Lumumba Road ma scrap yalipo. Yambilani pa aluminiyamu na brass, ni vofewa, vikhululukila wophunzila.

Koma ulendo wofunika kupambana onse ni wa minibasi imodzi chabe. Musanagule tikiti ya ku Joni, pitani ku Kalingalinga mu Alick Nkhata Road, kapena ku Garden mu Katima Mulilo, kumene ma geti na ma door frame yapangidwa tsiku lililonse. Funsani ba welder kuti pini na bush awasemela ndani. Azakulozelani ba fitter and turner, ena madala amene anagwila ku migodi ya ku Copperbelt. Akulu aja azakuuzani ngati 7x14 ikwana pa vamene mufuna kupanga, ndipo azakuphunzitsani malamulo yamene salembedwa pa bokosi: osavala magulovu, osavala malaya ya manja yaatali, magalasi pa maso, ndipo kiyi ya chuck osaisiya mu chuck olo sekondi imodzi.

Muwagulile drinki, mukhale pansi, mumvele. Makina muzakagula kunja, koma wokuphunzitsani kukagwilitsa nchito ali konkuno.