Wofika mocedwa ndiye anayenera kuyamba

M'makomboni a mu Lusaka, kaya ku Kanyama, ku Chawama kapena kwa George, tsiku la odwala limayamba kusanace. Pofika 6 koloko, pa cipata ca kiliniki pamakhala padzaza kale amai odza ndi ana ku sikelo, okalamba odzatenga mankhwala a shuga ndi a BP, ndi anyamata otsokomola. Aliyense agwira khadi lace, pakuti lamulo la pa mzere alidziwa onse: wofika msanga ndiye ayamba kuona dotolo.

Mai wina, amene anali sisita woyang'anira imodzi ya makiliniki amenewa, anakhulupirira lamuloli kwa zaka zambiri. Anali kunyadira kuti pa kiliniki pao palibe kulumpha mzere, ngakhale ukhale mbale wa kansala. Nchito yao ya tsiku inali ndi dongosolo lace: 8 koloko msonkhano wa anchito onse, kenaka malipoti opita ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ndipo pambuyo pace dotolo, amene anali mmodzi yekha, ndi kuyamba kuitana maina.

Tsiku lina m'nyengo ya dzinja kunadza mai wacitsikana ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu amene anatsegula m'mimba usiku wonse. Mvula inali itadzaza njira za m'komboni, motero anafika 9 koloko itapitirira, napeza mzere utazungulira nyumba. Pokhala wacilendo m'tauni, woleredwa kumudzi kumene mwana sapyola akulu, anakhala pansi kumapeto, nafunditsa mwana citenje. Mwanayo sanali kulira, ndipo oyandikana naye anayesa kuti ali m'tulo. Dzina lace linaitanidwa dzuwa litapendeka. Maso anali atalowa m'kati, liwombo litagwa, ndipo bere sanali kuyamwa. Anamuika dripi ndi kuitana ambulansi ya ku UTH, koma sanafikeko wamoyo.

Usiku umenewo a Sisita sanagone. M'mawa mwace anatenga buku lolembamo odwala, nayamba kulondola cimene dotolo anacita pa maola amene mwana uja anali panja. Palibe ulesi umene anaupeza. Dotolo sanapumule, ngakhale tiyi sanamwe. Koma ola loyamba linathera pa msonkhano, ndipo ena otsatira anathera pa kusaina makalata a anthu ofuna chuti ku nchito ndi kulembera mankhwala anthu amene sanali kumva kuwawa kulikonse. Onsewa akanatha kudikira mpaka madzulo. Mwana uja yekha ndiye analibe madzulo.

Kuyambira sabata lotsatira, namwino mmodzi anapatsidwa nchito yoyenda pa mzere 7 koloko makhadi asanatoleredwe, ndi kubwerezanso ola lirilonse. Iye amavundukula citenje ca mwana aliyense. Wokomoka, wopuma mofulumira, wolephera kuyamwa, kapena mai wapakati wotaya magazi, amalowa nthawi yomweyo. Ana otsegula m'mimba amayamba kumwa madzi a moyo ali pa benci pomwepo. Msonkhano wa anchito unasamutsidwira ku 3 koloko masana, ndipo malipoti anapatsidwa madzulo a Lacisanu, ngakhale kuti nthawi zina a Sisita anali kuwamalizira kunyumba pa kandulo.

Nzeru imeneyi sinayambe ndi iwo. Pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, m'Malawi, anayamba m'caka ca 2001 kusankha ana pa khomo molingana ndi kukula kwa matenda ao, ndipo imfa za ana ogonekedwa zinacepa kwambiri. Mu 2005 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linaturutsa maphunziro a njira yomweyi, yogawa odwala patatu: ofunika cithandizo tsopano lino, ofunika kufulumizidwa, ndi otha kudikira. Mzere weniweniwo unafupikanso pamene anthu akumwa ma ARV amene ali bwino m'thupi analoledwa kutenga mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi, m'malo modza mwezi ndi mwezi. Ku Tete, m'Mozambique, odwala otere anayamba mu 2008 kupanga timagulu ta anthu asanu ndi mmodzi, mmodzi ndi kukatengera anzace onse.

Koma kunena zoona, dongosolo latsopanoli silinakondweretse onse, ndipo odandaulawo anali ndi cifukwa. Munthu wadzuka 4 koloko, wataya ganyu ya tsikulo, ndiye aone wofika 9 koloko alikulowa iye ali pa dzuwa! Tsiku lina mkulu wina wa imvi anaimirira nagogoda ndodo yace pansi.

“Amai, ine ndafika kuno nkhuku zisanatsike. Kodi awa alowa ndi abale anu?”

A Sisita anabwera, nagwada pang'ono pafupi nao. “Ai, agogo, sindiwadziwa ndi dzina lomwe. Taonani mwanayo m'mene alikupumira.”

Mkuluyo anasuzumira m'citenje, nakhala cete kanthawi. Kenaka anakhalanso pa benci, nafunsa ngati angabwerenso 2 koloko osataya malo ao. A Sisita anatenga khadi lao nalembapo nthawiyo.