Sitima Imene Inamira m'Mphindi Zitatu

Anzanga, tikamaphunzira za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse timaloweza maina a akuluakulu a nkhondo, koma za sitima zimene zinkanyamula asilikali wamba sitimva. Ine yandigwira mtima ndi Khedive Ismail.

Sitimayi inapangidwa ku Greenock m'dziko la Scotland m'chaka cha 1922, ndipo poyamba inkatchedwa Aconcagua. Eni ake anali a ku Chile. Mu 1935 kampani ya ku Egypt inaigula nkuipatsa dzina latsopanoli. Nkhondo itavuta, boma la Britain linaitenga mu 1940 kuti izinyamula asilikali. Mu April 1941 inali m'gulu la sitima zimene zinatumidwa kukachotsa asilikali ku Greece pamene Ajeremani ankalanda dzikolo.

Mu February 1944 inanyamuka ku Mombasa kulowera ku Colombo itanyamula anthu 1,511. Mwa iwowa 996 anali a gulu la mizinga la kum'mawa kwa Africa, ndipo munalinso anamwino. Pa 12 February, pafupi ndi zilumba za Maldives, sitima ya Japan yoyenda pansi pa madzi yotchedwa I-27 inaiphulitsa. Inamira m'mphindi zitatu zokha.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi chimene chinatsatira. I-27 inabisala pansi pa anthu amene ankasambira. Mkulu wa HMS Petard, imodzi mwa sitima zoperekeza, anayenera kusankha: kuleka mdaniyo kuti amizenso sitima zina zodzaza asilikali, kapena kuponya mabomba m'madzi momwe munali anzake. Anaponya. Ena amene anapulumuka pomira sitima anafera pomwepo. I-27 inamizidwa tsiku lomwelo, koma anthu 1,297 anatsikira kuli chete, mwa iwo amayi 77. Opulumuka anali 214 okha.

Tinakangana za nkhaniyi ndi anzanga mpaka belu la chakudya litalira. Ena akuti mkuluyo anapulumutsa ambiri. Ine ndikuti mwina nzoona, komabe amene anali m'madziwo sanafunsidwe maganizo awo, monganso sanafunsidwe pamene nkhondoyo inkayambika ku Ulaya.

Nyanja yomweyo ndiyo anawoloka agogo athu a Keyala popita ku Ceylon ndi ku Burma. Amene anabwerako timawadziwa ndi nkhani zawo. Koma amene anamira alibe manda oti abale akalambule. Tsono tikamakumbukira asilikali mwezi wa November, tisaiwale kupempherera awanso.