Fungo la Bowa wa ku Perekezi

Kuno ku Cape Town mvula imagwa nthawi yachisanu. Ndakhala kuno zaka 9, koma thupi langa silinavomerezebe zimenezi. Kwathu ku Mzimba mwezi wa Juni ndi wa chisanu chouma, chija chong'amba milomo ndi zidendene, chimanga chili m'nkhokwe, ng'ombe zikudya mapesi m'minda. Kuno Juni ndi matope, mphepo ya kunyanja ndi denga lodontha. Ndiyonso nyengo ya bowa.

Lachiwiri lapitali m'mawa, bambo wina amene amazula bowa m'nkhalango za paini anagogoda pakhomo la kuseri kwa khitchini yathu atanyamula mabokosi awiri. Shefu wamkulu anauyeza pasikelo ngati golide, kenaka anandiitana kuti ndiukonze. Bowa wotere sautsuka ndi madzi; timaupukuta ndi kaburashi, umodziumodzi. Nditangovundukula bokosi loyamba, fungo la dothi lonyowa linandilowa mpaka mumtima. Ndinaona amama ataima m'mbali mwa msewu wa M1, pankhalango ya Perekezi, atakweza mbale ya bowa m'mwamba kuti a m'galimoto aone. Ndinatula kaburashi, n'kulowa m'chipinda chozizira chosungira nyama, n'kutseka chitseko. Ndinalira.

M'Chitumbuka chathu bowa timati nkhowani. Mvula ikakhazikika, cha mu Disembala ndi Januwale, amama ankatidzutsa kusanache. Tinkalowa m'nkhalango mame akutinyowetsa mpaka m'chiuno, iwo patsogolo, ife pambuyo. Ankadziwa chulu chimene chimatulutsa utale, ndi tsinde la mtengo limene pamamera manyame ofiira aja. Bowa wakupha ankauzindikira ali patali. Wina tinkadya wotendera, wina ankafutsa n'kuyanika, wotsala ankagulitsa pamsewupo kuti apeze ya sopo ndi makope athu. Palibe amene ankati imeneyi ndi nzeru. Tinkangoti ndi umphawi.

Munthu wa ku Mzimba safunsidwa chifukwa chimene wapitira ku Joni. Amafunsidwa chifukwa chimene sanapitebe. Kuyambira pa Jenda kudzera ku Embangweni, Edingeni, Manyamula mpaka pa boma, nyumba ya malata ndi njerwa zootcha imakuuza yokha kuti pali mwana wapakhomopo amene ali kunja. Njirayi ndi yakale. Agogo anga aamuna anapita kumigodi ndi Wenela, ndipo anabwerako ndege ija isanagwe ku Francistown mu 1974, imene inapha amuna a ku Malawi oposa 70 n'kuchititsa Kamuzu kuletsa ulendowo. Mbale wawo anali khukhi m'nyumba ya mzungu ku Bulawayo. Iyeyo sanabwerere. Dzina lake kwathu amalitchula motsitsa mawu: anatchona.

Ine ndinanyamuka mu 2016, nditalephera kupeza ntchito ndi satifiketi yanga ya MSCE. Adada anagulitsa ng'ombe imodzi. Ndinadutsa pa Dedza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, masiku atatu matako atauma pampando, kenaka basi ina kuchoka ku Johannesburg mpaka kuno. Ndinafikira kwa mwana wa asibweni ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay, m'kanyumba ka malata kamene kuno amati mkhukhu. Chaka chisanathe, mu Malichi 2017, moto unasesa dera lalikulu la malowa. Ndinapulumutsa pasipoti ndi nsapato.

Ntchito ya m'makhitchini apamwamba siilengezedwa kwa anthu ngati ife. Amakulowetsa ndi mnzako. Mwana wa asibweniyo ankatsuka mbale pamalo ena odyera a anthu olemera, m'dera la minda ya mpesa, ndipo tsiku lina mnzake atadwala anauza kapitao kuti ali ndi mbale wake wolimbikira. Anandiyesa usiku umodzi. Sanandifunse za sukulu. Anangoyang'ana ngati ndingaime maola 12 pa sinki osakhala pansi, ndi ngati ndingatsuke matambula a vinyo opyapyala ngati chikhokhombe cha dzira osaswa ngakhale limodzi. M'mawa mwake anandipatsa epuloni.

Ndinakhala kotsukira mbaleko zaka ziwiri. Kumeneko ndiye pansi penipeni pa khitchini. Mapoto amabwera akutentha, mafuta atapsererera, wowaponya sakuyang'ana n'komwe. Mu 2018, pamene mzinda uno unatsala pang'ono kuuma mipope, tinkawerengera madzi ngati mafuta a galimoto. Koma sinki yathu inayang'anizana ndi matebulo a ophika, ndipo maso alibe mpanda. Ndinkaonera mmene akugwirira mpeni, mmene akulawira msuzi, mmene akukhudzira nsomba ndi chala kuti adziwe ngati yapsa.

Tsiku lina mnyamata wokonza zamasamba sanabwere, alendo 60 atasungitsa kale malo. Wachiwiri kwa shefu anandiponyera mpeni ndi mulu wa masamba, nati ndiwaze mopyapyala. Ndinawapinda m'dzanja monga amama amapindira mpiru, n'kuwaza. Anayang'ana m'mbale muja nthawi yaitali. "Unaphunzira kuti?" Ndinati kwa amayi anga. Sabata yotsatira pa sinki panali munthu wina.

Khitchini yotere ili ngati gulu la asilikali, ndipo sizinangochitika. Dongosololi analikhazikitsa Mfalansa wina, Auguste Escoffier, amene ankaphika ku hotela ya Savoy ku London m'zaka za m'ma 1890. Pamwamba pali shefu wamkulu, kenaka wachiwiri wake, kenaka oyang'anira zigawo: wa nyama, wa nsomba, wa misuzi, wa zozizira, wa makeke ndi zotsekemera. Pansi pawo pali ophunzira, amene amatchedwa commis. Shefu akalankhula yankho ndi limodzi, "Yes, Chef," kaya walakwa ndiwe kaya ayi. Ine wokulira kwa Angoni, kumene mnyamata sayankha nduna ataimirira, izi sizinandivute kwenikweni. Chinandivuta ndi kutukwanidwa ndi mwana amene kwathu ndikanamutuma kukatsekera ng'ombe.

Komabe ndinene zoona: ntchitoyi ndimaikonda, ndipo ndimailemekeza. Timalowa nthawi ya 10 m'mawa kukonzekera chakudya chimene chidzadyedwe madzulo. Msuzi wa mafupa umawira pang'onopang'ono usiku wonse, n'kuusefa, n'kuuwiritsanso mpaka mphika waukulu utsale kapoto kamodzi, wakuda, wonyezimira, womata pamilomo. Anyezi timadula tizidutswa tofanana ngati tapimidwa ndi rula. Timaluwa timatiika pambale ndi kachitsulo kopanira. Alendo akayamba kulowa, m'khitchini simumveka nkhani. Mumangomveka mawu a shefu, kulira kwa mafuta ndi mapazi. Mlendo mmodzi amadya mbale 10 kapena kuposerapo, iliyonse kachakudya kongokwana pachikhatho, ndipo anthu a tebulo limodzi ayenera kulandira zawo nthawi imodzi, zonse zikutentha mofanana. Usiku umene zonse zayenda bwino ndimamva zimene ndinkamva pa ingoma, amuna 30 akaponda pansi kamodzi fumbi n'kukwera. Lero ndine woyang'anira gawo la zamasamba. Manja anga ali ndi zipsera za uvuni kuyambira pachala mpaka pachigongono, ndipo sindizibisa.

Za ndalama ndiye mumve bwino, inu amene mumaona zithunzi zathu pa Facebook titavala zoyera. Chakudya cha munthu mmodzi pamalo athu chimaposa 2,000 randi, osawerengera vinyo. Malipiro otsikitsitsa amene boma la kuno linakhazikitsa mu Malichi 2025 anali R28.79 pa ola. Wotsuka mbale wolandira zimenezo ayenera kuima pa sinki maola pafupifupi 70 kuti akwanitse kudya kamodzi chimene amatsukira mbale zake. Ine ndimalandira koposerapo, koma lendi, minibasi ndi magetsi zikatenga zawo, yotsala ndi imene ndimatumiza pa Mukuru. Matipi ambiri amathera kwa operekera zakudya. Ife akuseri timangolawako. Ndipo pali denga limene mutu wanga sungaboole. Ana ochokera m'masukulu ophika amabwera, ndimawaphunzitsa kunola mpeni, pakatha zaka ziwiri amakhala mabwana anga. Ali ndi satifiketi ndi chiphaso cha dziko lino. Ine ndili ndi manja okha.

Mapepala ndiwo chilonda chathu chachikulu. Mmalawi amalowa muno ndi masiku 30. Ukapitirira nthawi yaitali, potuluka pachipata amakudinda kuti usabwerenso mpaka zaka 5. Ndiye munthu umakhala ngati mbuzi yomangidwa: kwanu ukufuna, koma ukapita ntchito yatha. Mliri wa korona utafika, pa 27 Malichi 2020 dziko lino linatsekedwa, malo odyera onse zii. Ena analandira chithandizo cha boma. Ambiri a ife tinalibe polembetsa. Tinkasonkherana ufa, anyamata asanu a ku Mzimba m'chipinda chimodzi. M'chaka chimenecho ndi mmene adada anamwalira. Maliro awo ndinawaonera pa WhatsApp, mng'ono wanga atakweza foni m'mwamba, netiweki ikudukaduka. Ine mwana woyamba sindinaponye dothi. Ndinatumiza ndalama ya bokosi. Mpaka lero ndikamva mawu oti "anatchona" mtima umagunda, chifukwa mbale wa agogo uja nayenso sanachoke kwawo ndi cholinga chosabwerera.

Ndalamazo zagwira ntchito, sindikana. Nyumba ya zipinda zitatu yaima, ya malata. Ng'ombe ya adada ija ndinabweza, ndi zina ziwiri pamwamba. Malowolo ndinamaliza. Mwana wanga wamkazi, amene ndinamusiya akuyamwa, ali ku pulayimale ndipo sanabwezedwepo chifukwa chosowa yunifolomu. Koma amandidziwa ngati nkhope ya pafoni. Akamati "adada" amayang'ana kaye kwa amayi ake, ngati akufunsa ngati watchula bwino.

Kumpoto kwa mzinda uno, m'mudzi wa asodzi wotchedwa Paternoster, kuli malo odyera aang'ono otchedwa Wolfgat. Mwini wake, Kobus van der Merwe, amaphika zomera zakutchire ndi za m'mphepete mwa nyanja zimene iye ndi antchito ake amakathyola okha. Mu 2019, pa mpikisano wina ku Paris, malowa anasankhidwa kukhala opambana padziko lonse. Anzanga m'khitchini ankakamba nkhaniyi modabwa. Ine ndinkaganiza za amama. Kodi si zomwezi zimene achita moyo wawo wonse? Chisoso, bonongwe, luni, denje, masuku a ku Perekezi, uchi wa m'mphako. Akudziwa nyengo ya chilichonse, pothyola ndi posiya kuti chaka chamawa chidzamerenso. Kuno munthu wodziwa zimenezi amamujambula m'magazini. Kwathu amaima padzuwa m'mbali mwa msewu, woyendetsa galimoto n'kumamunenerera mtengo mpaka utsike. Ndipo nkhalango imene inawaphunzitsa amama ikutha ndi makala. Mng'ono wanga akuti malo amene tinkazula manyame tsopano ndi zitsa zokhazokha. Zimenezi zimandiwawa koposa kutukwana kwa shefu.

Ndikaweruka, cha m'ma 12 usiku, sindilakalaka chilichonse cha zimene ndaphika. Ndimafika kunyumba, kuteleka kapoto, kuvundula nsima. Ufa wa m'sitolo za kuno ndi woyera ndithu, koma ulibe kafungo kowawasa ka mphale yoviikidwa masiku atatu n'kuyanikidwa pamphasa. Basi ya kumudzi ikabwera ndi kathumba ka ufa wa kwathu, usipa kapena mfutso, timaitanizana ngati kwabadwa mwana. Tsiku lina inali nthawi yanga yophikira antchito anzanga chakudya chamasana. Ndinapeza masamba a maungu kwa mayi wina wa ku Zimbabwe, ndinasinja mtedza, n'kuphika nkhwani wotendera. Shefu wamkulu anadya ataimirira, osalankhula, n'kuwonjezera kachiwiri. Anafunsa kuti muli batala wanji. Ndinati mulibe, ndi nsinjiro basi. Tsiku limenelo ndinayenda ngati ndavala nthenga za ingoma.

Achinyamata a kwathu amandilembera kuti ndiwapezere malo. Sindingakuletseni, poti inenso sanandiletse. Koma ngati mtima wanu uli pa zophika, yambani mwapita ku Malawi Institute of Tourism kapena ku Mzuzu University, mutenge pepala. Phunzirani kunola mpeni. Ndipo musananyamuke khalani pansi pafupi ndi mafuwa, muone mmene amayi anu amathirira chidulo m'therere, chifukwa chimene chinandichotsa ine pa sinki sindinachiphunzire kuno.

Ndawerengera. Ndikapirira nyengo ina imodzi ya alendo, kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndikwanitsa chitofu cha gasi, furiji ndi mipeni yanga, ndi lendi ya kachipinda pa boma pafupi ndi depoti. Akandidinda zaka 5 pa Beitbridge, andidinde. Ndikufuna Ogasiti wa chaka chamawa adzandipeze pa phiri la Hora, pa Umthetho, ndili pakati pa amuna anzanga pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, osati ndikuonera pafoni m'chipinda chosinthira zovala. Ndisanapite ku Horako ndidzayamba ndagwada pamanda a adada.

Ndaphikira anthu ochokera ku London, ku Berlin ndi ku New York, koma amama sanalawepo ngakhale supuni imodzi ya chophika changa. Kalatayi adzawawerengera ndi mng'ono wanga. Amama, mvula ikagwa muzule nkhowani monga kale, ngakhale pang'ono pokha, mufutse, muyanike, musunge m'chikwatu. Musagulitse wonse. Ndikubwera kudzakuphikirani.