Kusaka Chichewa m'Laibulale ya Eni

M'mwezi wa Okutobala, chaka cha 2019, ndidapita ku Chicago m'dziko la America kumsonkhano wa akatswiri a ziyankhulo. Msonkhano utatha ndidatsalako masiku anayi kuti ndikazonde mwana wa mlongo wanga, Naphiri, amene ankaphunzira unamwino pa koleji ina yaing'ono kunja kwa mzindawo. Makoleji a mtundu umenewu eni ake amawatcha community college. Maphunziro ake ndi a zaka ziwiri, fizi yake ndi yotsika poyerekeza ndi ya kuyunivesite, ndipo ophunzira ambiri sagonera pasukulu koma amachokera kunyumba kapena kuntchito. Koleji ya Joliet, imene imadziwika kuti ndiyo yakale kwambiri mwa makoleji aboma oterewa, idatsegulidwa mu 1901 m'chigawo chomwecho cha Illinois.

Madzulo a tsiku loyamba, tili pa nsima, Naphiri adandifotokozera za ntchito imene mphunzitsi wake wa Chingerezi adapereka. Wophunzira aliyense ankayenera kulemba chimangirizo chokhudza chiyankhulo cha kwawo, ndi kutchulamo mabuku osachepera atatu.

"Amalume, ine ndasintha mutu," adatero. "Ndilemba za Chiswahili. Ndidalemba mawu oti Chichewa pakompyuta ya mulaibulale koma sipadatuluke buku ndi limodzi lomwe. Chiyankhulo chathuchi chilibe mabuku."

Mawu amenewa adandilasa mtima. Ndaphunzitsa sayansi ya ziyankhulo kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo digiri yanga ya udokotala ndidaipeza pofufuza Chichewa chomwecho. Koma apa mwana wa m'banja langa lomwe, amene adaphunzira Chichewa mpaka Fomu 4, ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chiyankhulo chake n'chongoyankhula basi. Ndidafuna kuyamba kumutchulira mabuku monga ndichitira m'kalasi, koma ndidadziletsa. Ndidangoti, "Mawa ukanditengere kulaibulaleko, mwanawe."

Laibulaleyo idali ya nsanjika imodzi, yocheperapo kuyerekeza ndi ya pa Chancellor College ku Zomba. Pakhomo padali tebulo la mabuku ofika kumene, ndipo pambali pake padali kapepala kamene amakasindikiza mwezi ndi mwezi kolengeza mabuku atsopano. M'kapepalamo mudali mabuku a unamwino, a zamagetsi, a kaphikidwe ndi nthano zingapo. Pansi pake adalembapo kuti wophunzira amene akusowa buku auze woyang'anira laibulale. Naphiri adavomera kuti ankadutsa patebulopo tsiku lililonse koma adali asanawerengepo kapepalako.

Woyang'anira amene tidamupeza adali mayi wachikulire. Sindidadziulule kuti ndine yani, pakuti ndinkafuna kuona mmene angamuthandizire mwanayo. Mayiwo adali asanamvepo za Chichewa, ndipo sadachite manyazi kunena choncho. Funso lawo loyamba lidali lakuti: kodi chiyankhulochi chili ndi dzina lina? Naphiri adaganiza kanthawi, kenaka adati ku Zambia amachitcha Chinyanja. Mayiwo adasiya kaundula wa mabuku a pakolejipo natsegula WorldCat, kaundula amene amasonkhanitsa mabuku a m'malaibulale zikwizikwi a m'maiko ambiri. Adalembamo Nyanja, kenaka Chewa, kenaka Chichewa. Mndandanda udatuluka wautali, ndipo Naphiri adangoti kukamwa yasa.

Funso la mayiwo ndi limene ine, mphunzitsi, ndidayenera kukhala nditamuphunzitsa mwanayo kalekale. Chiyankhulo chathu chalembedwa ndi maina ambiri, ndipo wosadziwa mainawo amaona ngati nkhokwe ilibe kanthu. Mtanthauziramawu wa Johannes Rebmann, amene adatuluka mu 1877, amachitcha Kiniassa. Rebmann sadapondeko kuno. Mawuwo adawatola kufupi ndi Mombasa kwa Salimini, munthu amene adagwidwa ukapolo kuchokera kuchigawo chapakati cha dziko limene lero ndi Malawi. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre adatulutsa wake mu 1892 ndipo adachitcha Mang'anja. Mabuku ambiri a nthawi ya atsamunda amati Nyanja kapena Chinyanja, ndipo dzina limeneli likugwirabe ntchito ku Zambia ndi ku Mozambique. Ku Malawi dzina loti Chichewa lidakhazikitsidwa mu 1968. Ngakhale zili choncho, buku limene a Centre for Language Studies adatulutsa mu 2000 mutu wake ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Palinso akatswiri amene amalemba Chicheŵa, ndi kachizindikiro pamwamba pa w. Wofufuza amene wangogwira dzina limodzi amataya mbali yaikulu ya zaka pafupifupi 150 za zolembedwa.

Mayi aja sadalekere pomwepo. Adamuonetsa Naphiri kuti koleji imalipira JSTOR, nkhokwe ya pa intaneti ya magazini a kafukufuku, ndi kuti nambala yake ya sukulu ndiyo kiyi wake. M'menemo adapeza A Grammar of Chichewa, galamala imene Mark Hanna Watkins adasindikiza mu 1937. Watkins adali Mmereka wakuda amene ankaphunzira pa University of Chicago, ndipo amene ankamuuza mawu ndi ziganizo za Chichewa adali wophunzira mnzake wochokera ku Kasungu, Kamuzu Banda. Apa ndidalephera kukhala chete. Ndidamuuza Naphiri kuti buku limeneli lidabadwira mu mzinda womwewo umene iye ankakwerera sitima Loweruka lililonse. Adapezanso nkhani ya Joan Bresnan ndi Sam Mchombo ya mu 1987, imene akatswiri a ziyankhulo m'maiko ambiri amaiwerenga pofuna kumvetsa mgwirizano wa mneni ndi dzina. Buku la Mchombo la mu 2004, The Syntax of Chichewa, padalibe pakolejipo, koma mayiwo adati aliitanitsa kuchokera kulaibulale ina, ndipo wophunzira salipira kanthu.

Tikutuluka, mayiwo adandifunsa ngati ndikudziwa buku limodzi la Chichewa loyenera kuti koleji igule, popeza ophunzira ochokera ku Africa ankachulukirachulukira. Pamenepo ndidadziulula, tonse n'kuseka. Ndidawalembera mtanthauziramawu wa Steven Paas wa Chichewa ndi Chingerezi, umene a Oxford adasindikiza mu 2016.

M'ndege pobwerera sindidagone. Kudali kosavuta kunena kuti anzathuwo ali ndi ndalama, ife tilibe, nkhani n'kuthera pomwepo. N'zoona kuti ndalama ndi vuto, ndipo aliyense amene adaonapo ophunzira makumi asanu akulimbirana buku limodzi sangatsutse. Koma chimene chidamuthandiza Naphiri tsiku lija sichidagulidwe ndi ndalama zambiri. Lidali funso limodzi lochokera kwa munthu wodziwa kusaka, ndi mphindi makumi awiri za kuleza mtima. Mabuku okhudza Chichewa pashelefu ya kolejiyo padalibe ndi limodzi lomwe, pamene kwathu kuno tili nawo. Ku Zomba kuli chipinda cha mabuku a Malawiana ndiponso nyumba ya National Archives. Malaibulale a m'makoleji athu adapanga bungwe la MALICO mu 2003 kuti azigulira pamodzi magazini a pa intaneti. Funso limene lidandisowetsa tulo lidali lakuti: mwa ophunzira anga onse, ndi angati amene ndidawagwirapo dzanja kupita nawo kukaundula wa mabuku? Ndinkangowapatsa mndandanda wa zoti awerenge, n'kumadandaula kuti ana a masiku ano ndi aulesi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma mwana angafunse bwanji chinthu chimene sakudziwa n'komwe kuti chilipo?

Kuyambira chaka chotsatira, phunziro langa loyamba kwa ophunzira a chaka choyamba limachitikira mulaibulale. Ndimapempha woyang'anira kuti ayankhule ndiye poyamba, ine ndili chete kumbuyo. Kenaka ndimalemba pabolodi maina aja, Kiniassa, Mang'anja, Nyanja, Chewa, ndipo aliyense amayenera kubwera ndi buku limodzi kapena nkhani imodzi pa dzina lililonse. Ndidapemphanso kuti mndandanda wa mabuku ofika kumene uzimatidwa pakhomo la dipatimenti yathu, ngakhale atakhala mabuku atatu okha.

Naphiri adalemba chimangirizo chake pa Chichewa. Patapita miyezi inayi adanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Kadali kapepala kaja ka pakhomo la laibulale, ndipo pakati pa buku la matenda a shuga ndi la kawotcheredwe ka zitsulo padali dzina la mtanthauziramawu uja. Pansi pa chithunzicho adalemba kuti, "Amalume, ndabwereka ndine woyamba."