Bokosi lopumira gusheshe

Kupinda lata ndinaphunzira ku Ndirande kwa amalume, tikukhoma zidebe ndi mbaula. Pano ndili ku Joni, ndipo ntchito ndi yomweyo, kungoti zomwe ndimapinda zimakakhala pansi pa boneti ya galimoto zaliwiro.

Makasitomala anga ambiri ndi anyamata a gusheshe, BMW E30 325i ija amaizunguza pamalo amodzi mpaka matayala kufuka. Amabwera atataya kale bokosi la mpweya la kufakitale, atamangirira fyuluta yosongoka pakamwa pa paipi. Galimoto ikubangula, mwini wake mano onse pamtunda. Sinditsutsana naye. Timazungulira mphindi khumi, kenako ndimatsegula boneti n'kumuuza kuti agwire fyulutayo. Dzanja amalichotsa yekha.

Fyuluta yapamtetete imameza mpweya wotentha wochokera ku redieta. Mpweya ukatentha umafutukuka, ndiye m'lita imodzi mumatsala wochepa woyatsira petulo. Kuchoka pa madigiri 30 kufika pa 60, mwataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Kuwonjezera apo, Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, pomwe mpweya ndi wopepuka kale. Galimoto yopanda turbo sikoka kuno mmene imakokera ku Durban. Chonsecho injini ya M20, ya malita 2.5, ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi imafuna mpweya wokwana malita pafupifupi 7,000 pa mphindi yomweyo. Ntchito yanga ndi kuupezera njira mpweya wonsewo, wozizira, wopanda fumbi, wosapiringizika.

Bokosi la mpweya lililonse lomwe ndimapanga limayamba ngati katoni. Ndimatola makatoni kushopu yapafupi, n'kukhala tsiku lathunthu ndi sizasi ndi tepi, mutu uli m'boneti. Pa E30 malo ake ali kuseri kwa nyali yakumanzere, kumene mphepo yakunja imalowera, ndipo mwamwayi ekizozi ili mbali inayo. Ndimadula, kuyesa, kuchepetsa, kumatanso, mpaka katoni itakhala ngati inabadwira pomwepo. Pofuna kudziwa mpata wotsala pakati pa chivundikiro ndi boneti, ena amagula dongo lochita kukonza. Ine ndimaumba kambamu ka nsima yogona, kuika pamwamba, kutseka boneti pang'onopang'ono, kutsegula, n'kuyeza mmene kaphwatalalira. Anzanga a kuno amaseka, koma sikananamepo.

Katoni ikakhoza ndimaitambasula pa aluminiyamu, kujambula, kudula, kupinda, kuwotcherera. Gawo limeneli ndi zidebe basi.

Chovuta chili m'kati, kumene kasitomala sayang'ana. Mpweya sukonda ngodya. Paipi ikangodulidwa m'mphepete mwakuthwa, mpweya umapatuka polowa, ndipo paipi yaikulu imagwira ntchito ngati yaing'ono. N'chifukwa chake pakamwa pake ndimapakulunga ngati lipenga, kukhoma pang'onopang'ono pa chipika cha mtengo chomwe ndinasema ndekha. Kutsogolo kwake kuli kachipangizo ka Bosch koyeza mpweya, kokhala ndi kachitseko kamene mpweya umakankha podutsa. Mpweya ukafika ukuvina, kachitseko nako kamavina, kompyuta imapereka petulo wolakwika, galimoto n'kumatsokomola poima. Polumikiza bokosi ndi injini ndimasiya paipi ya mphira, poti injini imagwedezeka pa mipando yake pomwe bokosi lamangidwa kuthupi la galimoto. Mukalumikiza ndi chitsulo chokhachokha, sabata siitha chisanang'aluke.

Za madzi ndinaphunzira ndi thumba langa. Bokosi langa lachitatu ndinalitsitsira paipi mpaka pansi pa bampala, ati kufuna mpweya wozizira kwambiri. Unali Januwale, nyengo ya mvula ya mabingu yomwe kuno imagwa masana ngati yatayidwa m'chidebe. Mwini galimotoyo analowa m'chithaphwi, paipi n'kuyamwa madzi. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndiye pisitoni itakwera inapeza khoma, ndodo yake n'kupindika. Ndinalipira miyezi inayi, kumudzi osatumizako kanthu. Kuyambira pamenepo pakamwa pa paipi sipatsika kupitirira nyali, ndipo pansi pa bokosi ndimabowola kabowo kotayira madzi.

Sabata yatha mnyamata amene ndikumuphunzitsa, wa ku Mangochi, anamaliza bokosi lake loyamba. Anapukuta kunja mpaka kumadzionerapo nkhope. Titaliza galimoto anakwinya nkhope.

"Achimwene, bwanji sikulira ngati kale?"

Ndinamupatsa tochi kuti asuzumire m'kati. Mphira ya chivundikiro, yomwe tinachotsa pa chitseko cha galimoto yakufa, inali itasiya mpata wolowa chala pangodya ya kuredieta.

"Phokoso lisiye. Tseka apa kaye, iwe, kenako ukatenge katoni ina. Mawa kukubwera Golf."